Ma enzyme akale pa ntchito yatsopano: mmene chimanga, luni ndi chinanazi zinapezera njira yake yopangira chakudya

Ambirife photosynthesis tinaiphunzira ngati chinthu chimodzi basi, dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, tsamba nkupanga shuga nkutulutsa okosijeni, tinaloweza choncho nkukalemba mayeso. Koma mukalowa mmunda mu Januwale nkuona phesi la chimanga ndi nyemba zomwe zayanga pa phesi lomwelo, dziwani kuti zomera ziwirizi sizikupanga chakudya mofanana ayi. Nyemba ili pa njira yakale yomwe zomera zambiri padziko pano zimatsata, chimanga chili ndi kanjira kowonjezera, ndipo chinanazi cha ku Mulanje chili ndi kena kakenso. Ine chomwe chimandikoka mtima pa nkhaniyi ndi ma enzyme omwe amayendetsa njira zowonjezerazi, kuti anachokera kuti, chifukwa yankho lake si lomwe munthu angaganize poyamba.

Enzyme ndi puloteni yomwe imafulumizitsa ntchito inayake mkati mwa chamoyo. Aliyense amene anaphikapo thobwa anagwiritsapo kale ntchito enzyme, chimera chija mumathira mu phala nkuona phala lolimba likusungunuka nkuyamba kutsekemera, amene akugwira ntchito mmenemo ndi enzyme ya mu chimera yomwe ikuphwanya sitalichi kukhala shuga. Enzyme iliyonse ili ndi ntchito yake, imapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino asidi tolumikizana ngati mikanda pa ulusi, ndipo ndondomeko ya mikandayo inalembedwa mu jini. Mukasintha mkanda umodzi pamalo ofunika enzyme ija imasintha khalidwe, gwirani mfundo imeneyi chifukwa tibwereranso pomwepa.

Nde tiyambe ndi mwini nkhani, Rubisco. Iyeyu ndi amene amagwira carbon dioxide mu tsamba lililonse lobiriwira nkumumangirira ku shuga wina wake kuti chakudya chiyambe kupangika, ndipo akatswiri amati ndi puloteni yochuluka kuposa ina iliyonse padziko lapansi. Kuchuluka kwakeko nchifukwa choti ndi waulesi, ma enzyme ena amagwira ntchito kambirimbiri pa sekondi imodzi pomwe Rubisco wa zomera zambiri amangokwanitsa katatu kapena kupitirirako pang'ono, nde chomera chimangolemba aganyu ambiri kuti ntchito iyende. Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa apa, Rubisco samasiyanitsa bwinobwino carbon dioxide ndi okosijeni. Mwa kugwira kanayi kapena kasanu kalikonse, kamodzi amagwira okosijeni, ndipo akatero pamatuluka kanthu ka poizoni komwe chomera chimayenera kukakonza podutsa mu zipinda zitatu za selo, kuwononga mphamvu komanso kutaya kaboni yemwe chinamugwira kale movutikira. Kukonzako ndi komwe amakutcha photorespiration. Kukatentha zimanyanya, ndipo kukauma chomera chimatseka timabowo ta pa tsamba kuti chisunge madzi, carbon dioxide mkati nkuchepa okosijeni nkuchuluka, Rubisco nkumalakwitsa kwambiri, moti pa dzuwa ngati la ku Chikwawa chomera chotere chingathe kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe chagwira, pena kuposa.

Musamuweruze msanga Rubisco. Anayamba ntchito zaka zoposa 2.4 biliyoni zapitazo mu tizilombo ta mmadzi, nthawi yomwe mumlengalenga munalibe okosijeni weniweni ndipo carbon dioxide anali mbwee, choncho kusokoneza awiriwa sikunali vuto chifukwa winayo kunalibe. Okosijeni anadzachuluka chifukwa cha photosynthesis yomweyo. Ndipo zikuoneka kuti Rubisco ukamupanga kukhala wosankha bwino amachedwa kwambiri, ukamupanga wothamanga amalakwitsa kwambiri, zili ngati munthu wosankha nyemba pa lichero, wachangu amasiya miyala wosamala amatha tsiku lonse.

Njira ya Rubisco yekhayi anailongosola Melvin Calvin, Andrew Benson ndi James Bassham ku Berkeley ku America pogwiritsa ntchito ndere za mmadzi ndi kaboni-14, mtundu wa kaboni womwe makina amatha kuutsatira komwe wapita, Calvin nkulandira mphoto ya Nobel mu 1961. Anapeza kuti chinthu choyamba kupangika chimakhala ndi makaboni atatu, nchifukwa chake zomera izi timati C3, mpunga, tirigu, nyemba, soya, mtedza, fodya, mbatata ndi pafupifupi mitengo yonse. Anthu anaganiza kuti nkhani yatha. Koma ku Hawaii, Hugo Kortschak, Constance Hartt ndi George Burr akuyesa nzimbe anaona kuti choyamba kutuluka chili ndi makaboni anayi, nkusindikiza mu 1965, ndipo ku Kazan ku Russia Yuri Karpilov anali ataona zomwezo pa chimanga mu 1960 koma zolemba zake sizinafike kutali. Amene anaimasula bwino njirayi ndi Hal Hatch ndi Roger Slack ku Brisbane ku Australia mu 1966, akugwira ntchito mu labu ya kampani ya shuga. Dzina la C4 linachokera pa makaboni anayiwo.

Mmene C4 imayendera ndi chonchi. Chomera sichinamuchotse ntchito Rubisco, chinangomusamutsa nkumutsekera mchipinda chamkati, mu maselo omwe azungulira mitsempha ya tsamba ngati nkhata, katswiri wina wa ku Austria Gottlieb Haberlandt anali atawaona kale maselowa mzaka za m'ma 1800 ndipo mpaka lero amatchedwa Kranz, mawu a Chijeremani otanthauza nkhata ya maluwa. Kunja, mu maselo omwe ali pafupi ndi mpweya, muli gulu lina la antchito. Carbonic anhydrase amasandutsa carbon dioxide kukhala bicarbonate mwachangu kwambiri, kenako PEP carboxylase, tizingoti PEPC, amatenga bicarbonate uja nkumumata pa kanthu ka makaboni atatu kotchedwa PEP, nkupanga asidi wa makaboni anayi. Ubwino wa PEPC ndi woti okosijeni alibe naye ntchito olo pang'ono. Asidi uja amasandulika malate kapena aspartate, amalowa mchipinda chamkati chija, kumeneko enzyme ina imamudula nkumasula carbon dioxide pamphuno penipeni pa Rubisco, chotsala cha makaboni atatu chimabwerera kunja komwe enzyme ina yotchedwa PPDK imachikonzanso kukhala PEP kuti chikatengenso katundu wina. Ndi pampu basi, ngati mjigo, ndipo mchipinda chamkatimo carbon dioxide amachuluka kangapo kuposa mu tsamba la nyemba moti Rubisco samakumananso ndi mpata wolakwitsa kwenikweni.

Mjigo umafuna wopopa, apa chomera chimalipira ma ATP awiri owonjezera pa carbon dioxide aliyense, ATP ndiye ndalama ya mphamvu mu selo. Kumalo kozizira kapena pamthunzi mtengo umenewu supindula, nchifukwa chake tirigu ndi mbatatesi zimasangalala ku mapiri ngati ku Dedza ndi ku Ntcheu, koma pa dzuwa lotentha C4 imawina kutali, imapanga chakudya chambiri ndi madzi ochepa chifukwa timabowo tija sitifunika kutseguka kwambiri, komanso imafuna nayitrojeni wochepa pa chakudya chomwe yapanga poti sikulemba aganyu a Rubisco ambirimbiri aja. Chimanga, mapira, mawere, mchewere, nzimbe, nsenjere, kapinga, gumbwa, ngakhale dawe yemwe amatisautsa mmunda uja, zonsezi ndi C4. Bonongwe ndi C4, luni ndi C4. Pomwe nsungwi ndi bango, ngakhale zili mbanja la udzu, ndi C3. Zomera za C4 ndi pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ya mitundu ya zomera zamaluwa, mitundu cha m'ma 8,000, koma zimapanga pafupifupi kota ya photosynthesis yonse ya pamtunda.

Tsono apa ndi pomwe nkhani imakoma. Makina ovuta chonchi, ofuna ma enzyme angapo, maselo amitundu iwiri, mitsempha yoyandikana, zonse zigwirizane, munthu ungaganize kuti zinachitika kamodzi kokha mwamwayi kenako zomera zonse za C4 nkukhala zidzukulu za kholo limodzilo. Ayi ndithu. Akatswiri atayala mibadwo ya zomera pogwiritsa ntchito DNA anapeza kuti C4 inayamba payokhapayokha maulendo oposa 60, mu udzu mokha maulendo oposa 20. Bonongwe ndi chimanga sizinatengere kwa kholo limodzi, luni naye anaipeza yekha, gumbwa nayenso yekha. Oyambirira anali udzu wa gulu la kapinga ndi mawere zaka pafupifupi 30 miliyoni zapitazo, ndipo nthawi imeneyi si yangozi, ndi pomwe carbon dioxide mumlengalenga anatsika kwambiri dziko likuzizira ndipo Antarctica atangoyamba kukutidwa ndi madzi oundana. Carbon dioxide atachepa, kulakwitsa kwa Rubisco kunakhala kodula kwambiri kumalo otentha ndi ouma, nde chomera chilichonse chomwe chinapeza kanjira kochepetsera vutoli chinabereka kuposa chinzake.

Nanga zinatheka bwanji maulendo 60? Chifukwa palibe enzyme ngakhale imodzi ya C4 yomwe ili yatsopano. Zonse zinalimo kale mu zomera za C3, zikugwira ntchito zina zing'onozing'ono zapakhomo. PEPC muli mu nyemba, muli mu mpunga, amathandiza kubwezeretsa ma asidi omwe selo limatenga popanga ma amino asidi, amathandiza kutsegula timabowo ta pa tsamba, amagwira ntchito kwambiri mu timphundu ta ku mizu ya soya ndi nyemba momwe mumagwidwa nayitrojeni, ngakhale mabakiteriya ali naye. Ma enzyme odula malate aja analipo kale, PPDK analipo akuthandiza pa nthawi yomwe tsamba likukalamba ndi mu njere, carbonic anhydrase ndi wakalekale. Mu 2002 Julian Hibberd ndi Paul Quick anaonetsa kuti mu tsinde la fodya, chomera cha C3 chenicheni, maselo ozungulira mitsempha ali kale ndi ma enzyme odula malate ochuluka ndipo amagwiritsa ntchito kaboni yemwe akubwera mmitsempha kuchokera ku mizu. Ndiye kuti zipangizo zinali kale mnyumba, chomwe chinasintha ndi amene akugwira ntchito kuti, nthawi yanji, mochuluka bwanji.

Ndipo sizinachitike tsiku limodzi, pali masitepe omwe mpaka lero tikuwaona mu zomera zamoyo. Gulu lomwe laphunzitsa anthu zambiri ndi Flaveria, tizomera ta mbanja la mpendadzuwa tomwe kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi madera oyandikana nawo, mmenemo muli mitundu ya C3, ya C4, ndi ina yomwe ili pakatikati, ngati kuona nyumba pa fawundeshoni, pa windo, pa linta ndi yofolera kale zonse pa mzere umodzi. Sitepe yoyamba imaoneka kuti ndi ya kamangidwe, mitsempha ya tsamba kuyandikana ndi maselo ozungulira mitsempha kukula, zomwe zimathandiza kale chomera kumalo ouma olo C4 isanabwere. Sitepe yachiwiri ndi yomwe imandisangalatsa kwambiri chifukwa poizoni uja ndi amene anatsegula njira. Pokonza zolakwa za Rubisco pali enzyme yotchedwa glycine decarboxylase yomwe imatulutsa carbon dioxide, mu C3 imapezeka mmaselo onse a tsamba ndipo mpweyawo umangothawa. Mu zomera zapakatikati enzyme imeneyi inazimitsidwa mmaselo akunja nkutsala mmaselo amkati okha, nde zinyalala zonse zimayenera kupita mkati kukakonzedwa, carbon dioxide nkumatulukira mkatimo momwe Rubisco wa mmenemo amamugwiranso asanathawe. Kapampu kakang'ono kayamba kale apa popanda enzyme yatsopano, kungozimitsa jini imodzi pamalo amodzi. Akatswiri monga Rowan Sage wa ku Toronto amaitcha njira imeneyi C2. Koma kutumiza zinyalala mkati kumasiya nayitrojeni wambiri mkatimo, nde chomera chimayenera kumubweza kunja, ndipo njira zosavuta zobwezera zimagwiritsa ntchito ma asidi ndi ma enzyme omwe aja a C4. PEPC akangokwera pang'ono phindu limaoneka, akakweranso phindu linanso, mpaka Rubisco wa kunja nkuzimitsidwa.

Kusamutsa enzyme kumachitika mu kachidutswa ka DNA komwe kali kutsogolo kwa jini, kamene kamalamula kuti jini iyake kuti ndipo mwamphamvu bwanji, ngati switchi. Gulu la Peter Westhoff ku Düsseldorf linapeza kachigawo kakafupi kutsogolo kwa jini ya PEPC mu Flaveria komwe kusintha kwake kochepa chabe kumapangitsa kuti PEPC aziyaka mmaselo akunja okha. Pa carbonic anhydrase nkhani yake ndi ina, mu Flaveria wa C3 enzyme imeneyi ili ndi kachizindikiro kumutu kwake kokhala ngati adiresi pa envelopu kolamula kuti ipite mu chloroplast, kachipinda kobiriwira ka mu selo momwe mumapangidwa chakudya, mu wa C4 adiresi ija inafufutika nde enzyme imangotsala panja pa chloroplast, pomwe PEPC akuifuna. Chinanso chomwe chinathandiza nchoti majini ambiri a zomera amakhala ndi makope angapo, kope imodzi ikhoza kupitiriza ntchito yakale inzake nkupita ku ntchito yatsopano. Ndipo mu udzu, mwa makope angapo a PEPC omwe alipo, mibadwo yosiyanasiyana inkangosankha kope yomweyomweyo, yomwe inali kale yoyaka kwambiri mu tsamba.

Enzyme ikasamuka nkupatsidwa ntchito yaikulu, pamatsala kuisula kuti igwirizane ndi malo atsopano, apa ndi pomwe mikanda ija ikubwera. PEPC wa C3 ali ndi buleki, malate akachuluka pang'ono amaima, zomwe zili bwino pa ntchito yapakhomo chifukwa safunika kupanga wambiri. Koma mu tsamba la C4 malate amakhala wambiri tsiku lonse, PEPC wa buleki yofewa choncho angamangoima. Mu Flaveria anapeza kuti pa malo nambala 884, mwa ma amino asidi pafupifupi 970, arginine anasinthidwa ndi glycine ndipo kusintha kumodzi komweko kunachepetsa kwambiri mphamvu ya buleki ija. Pali malo enanso otchuka, nambala 780 tikawerengera pa chimanga, pomwe zomera za C3 zili ndi alanine koma za C4 zambiri zili ndi serine, chimanga chili ndi serine, Flaveria wa C4 serine, gulu la dawe serine, zomera zomwe makolo ake anasiyana zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo koma zinafika pa mkanda womwewo pamalo omwewo chilichonse pachokha. Mu 2007 Pascal-Antoine Christin ndi anzake atayerekeza PEPC wa udzu wambiri anapeza malo 21 omwe ankasintha mobwerezabwereza mmibadwo yosiyana ya C4, kawirikawiri kupita ku amino asidi yemweyo. Kwa ine apa ndi pamene pamaonetsa kuti njira zosulira enzyme imeneyi ndi zowerengeka, aliyense amene wafika pa mtsinjewu amaolokera pa miyala yomweyo.

Rubisco naye anasintha. Poti tsopano akukhala mchipinda chodzaza carbon dioxide, kusankha mosamala sikufunikanso kwenikweni, nde Rubisco wa C4 anasiya kusamala nkuyamba kuthamanga, ndipo mu Flaveria gulu la Spencer Whitney ku Canberra linaonetsa kuti kusintha amino asidi mmodzi pa malo 309 kumamupatsa liwiro la C4. PPDK yekha ndi amene anabwera ndi chofooka chake, kukazizira kufika cha m'ma digiri 10 amaphwasuka zidutswa nkusiya ntchito, ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe chimanga cha kudimba mu Juni ndi Julaye kumalo ozizira chimakula mokakamira masamba ali achikasu.

Pali udzu wina womwe ndimafuna anthu akwathu kuno aziudziwa, dzina lake la sayansi ndi Alloteropsis semialata, umamera mu Africa muno mpaka ku Asia ndi Australia. Mtundu umodzi womwewu uli ndi magulu a C3 ku South Africa, magulu a C4 mmadera ambiri, ndi magulu apakatikati omwe anapezeka mnkhalango za miombo ku Zambia ndi Tanzania, chinthu chosowa kwambiri kupeza masitepe onse mu mtundu umodzi. Koma chodabwitsa kuposa apo nchoti mu 2012 Christin ndi anzake anapeza kuti magulu ena a udzu umenewu ali ndi majini a PEPC omwe sanachokere kwa makolo ake, anachokera ku udzu wina wa C4 wachibale chapatali kwambiri womwe unali utasula kale enzyme yake kwa zaka mamiliyoni. Ndiye kuti mmalo modikira kuti mikanda isinthe umodziumodzi, udzuwu unalandira khasu losulasula kuchokera kwa neba. Kafukufuku wa ku Sheffield wa mu 2019 anapezamo majini obwereka oposa 50 ochokera ku mitundu ingapo ya udzu, ndipo ena akuganiza kuti mungu wa udzu wina ukagwera pa duwa ndi umene umasiya tizidutswa ta DNA. Kubwerekana majini kotere tinkakudziwa pa mabakiteriya, kukuona pa udzu womwe ng'ombe zimadya kuthengo kwathu konkuno ndi nkhani ina.

Tsono chinanazi. Icho chili pa njira yotchedwa CAM, pamodzi ndi khonje, alovera, ma cactus ndi maluwa ambiri a orchid omwe amamera pa mitengo. Ma enzyme ndi omwe aja, PEPC kugwira, malate kusunga, wina kudula, Rubisco kumaliza, koma mmalo mogawa ntchito pa zipinda ziwiri CAM imagawa pa nthawi. Usiku kukuzizira chomera chimatsegula timabowo, PEPC nkumagwira carbon dioxide usiku wonse nkumasunga asidi mu thumba lalikulu la madzi mkati mwa selo, nchifukwa chake masamba ake amakhala onenepa. Kukacha chimatseka timabowo kuti gwa, nkumamasula carbon dioxide mkati mommo kuti Rubisco agwire ntchito ndi dzuwa, madzi osathawa. Dokotala wina Benjamin Heyne yemwe ankagwira ntchito ku India anasindikiza mu 1815 kuti masamba a Bryophyllum, chomera china cha CAM, mmawa amawawasa kwambiri koma dzuwa likamakwera kuwawasako kumatha, anazindikira ndi lilime chabe zaka zoposa 100 anthu asanamvetse chifukwa chake.

Vuto la buleki ya malate CAM inalithetsa mwa njira inanso. Pali enzyme ina yaing'ono yomwe ntchito yake ndi kumata phosphate pa PEPC, ikamata buleki imafooka, ikachoka buleki imabwerera. Mu zomera za CAM enzyme yaing'onoyi imapangidwa usiku motsogozedwa ndi wotchi ya mkati mwa chomera, zomwe gulu la Hugh Nimmo ku Glasgow linafufuza kwambiri, choncho PEPC amagwira usiku nkugona masana kuti asalimbirane mpweya ndi Rubisco. Mu chimanga enzyme yomweyo imadzuka ndi kuwala. DNA yonse ya chinanazi itawerengedwa mu 2015 zinaoneka kuti majini ake a CAM ndi akale omwe aja, chomwe chinasintha ndi maswitchi kuti azimvera wotchi. Zomera zina zimachita kusankha, Mesembryanthemum crystallinum wa kummwera kwa Africa kuno amayamba moyo ngati C3 nkusinthira ku CAM madzi akasowa kapena mchere ukachuluka, ndipo kachomera kena kotchedwa Portulaca kamayendetsa C4 mvula ikamagwa nkuwonjezera CAM pa chilala mu tsamba lomwelo, pogwiritsa ntchito makope awiri osiyana a PEPC. CAM nayo inayamba payokha maulendo ambirimbiri.

Kanthu kena kapambali komwe ndimakakonda, PEPC ndi Rubisco amasiyana pa kusankha kaboni, Rubisco amakana kwambiri kaboni-13 yemwe ndi wolemerako pomwe PEPC samasankha kwenikweni, nde chilichonse chochokera ku C4 chimanyamula chidindo chimenechi. Ndi mmene ma labu amagwirira uchi wothiridwa shuga wa nzimbe, ndi mmenenso anadziwira kuchokera ku mano a nyama zakale kuti madambo a udzu wa C4 anafalikira kwambiri pakati pa zaka 8 ndi 5 miliyoni zapitazo, patatha nthawi yaitali njirayo itayamba kale. Ifeyo odya nsima tsiku ndi tsiku chidindo cha PEPC chili mu tsitsi ndi mmafupa mwathu.

Zonsezi sizongosangalatsa mkalasi. Mu 2008 panayamba ntchito yotchedwa C4 Rice Project ku IRRI, bungwe lofufuza za mpunga ku Philippines, ndi ndalama za Bill and Melinda Gates Foundation, cholinga nkuika C4 mu mpunga poyembekezera kuti zokolola zikhoza kukwera mpaka ndi theka, madzi ndi feteleza nkuchepa. Maganizo ake ndi omveka, ngati chilengedwe chinachita maulendo 60 ndi zipangizo zomwe mpunga uli nazo kale, bwanji anthu osayesa. Anakwanitsa kuika ma enzyme asanu a chimanga mu mpunga nthawi imodzi ndipo kaboni wina anayamba kudutsa njira ya C4, koma pang'ono chabe, chifukwa mbali yovuta ndi kamangidwe ka tsamba. Mu chimanga pakati pa mtsempha ndi mtsempha pamakhala maselo akunja awiri okha, lililonse lagundana ndi chipinda chamkati, pomwe mu mpunga pamakhala ambiri ndipo maselo ozungulira mitsempha ali ndi ma chloroplast ochepa, nde olo pampu ikhalepo katundu alibe kopita. Gulu la Jane Langdale ku Oxford lathera zaka zambiri pa funso limeneli la majini omwe amalamula mitsempha kuti iyandikane.

Ndipo pofufuza zimenezi chimodzi mwa zomera zomwe akatswiri amadalira ndi luni, yemweyu amamera yekha kuseri kwa khola amayi nkuthyola kusakaniza ndi bonongwe kuti kuwawa kuchepe. Dzina lake la sayansi ndi Gynandropsis gynandra, ena amati Cleome gynandra, ndipo mwa zomera za C4 ndi amene ali pachibale chapafupi ndi Arabidopsis, kachomera ka mbanja la mpiru ndi kabichi komwe majini ake amadziwika bwino kuposa a chomera china chilichonse. Labu ya Hibberd ku Cambridge yakhala ikuyerekeza luni ndi achibale ake a C3 jini ndi jini, ndipo anapeza kuti malamulo ena otumiza enzyme ku maselo amkati analembedwa mkati mwa jini mwenimwenimo, komanso kuti malamulo omwewo alimo kale mu Arabidopsis yemwe sanakhalepo C4. Anaonanso kuti luni wa ku Africa kuno ndi wa ku Asia amasiyana pa kayalidwe ka mitsempha ndi kagwiritsidwe ntchito ka madzi, zomwe zikutanthauza kuti mbewu za luni zomwe agogo amasunga mu chibade kapena kungozisiya zigwere pa chulu zili ndi kusiyana komwe ofufuza akukufuna kuti apeze majini amene amamanga tsamba la C4.